Amalonda Akakana Khoti, Khoti Limatsala ndi Mphamvu Zanji?

Chakumapeto kwa mapangano ambiri a malonda akuluakulu, kaya ndi omanga fakitale, obwereketsa sitima zapamadzi kapena ogulitsana gasi, kumakhala ndime yaifupi imene anthu ambiri amasaina asanaiwerenge bwino. Ndimeyo imati mkangano uliwonse wochokera m'panganolo sudzapita ku khoti, koma udzaweruzidwa ndi munthu mmodzi kapena anthu atatu amene mbali ziwirizo zidzasankhe zokha, mumzinda wakutiwakuti, potsatira malamulo a bungwe lakutilakuti. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa arbitration, ndipo amalonda amaikonda pa zifukwa zomveka: amadzisankhira oweruza odziwa za ntchito yawo, nkhani zawo sizimveka pagulu, ndipo koposa zonse palibe amene amakakamizika kukaweruzidwa m'khoti la kwawo kwa mnzake. Koma tsiku limene pangano lasokonekera, kawirikawiri mbali imodzi imathamangirabe ku khoti, ndipo jaji amakumana ndi funso lovuta lakuti ali ndi mphamvu zanji pa mlandu umene eni ake anagwirizana kale kuti usadzabwere kwa iye.

Yankho limene ine ndikuliikira kumbuyo ndi lakuti khoti lizichedwa kulowerera koma lisamachotsedwe, ndipo likalowerera lizifunsa zinthu ziwiri zokha. Kodi anthu awa anavomerezadi kuti mkangano uwu uweruzidwe kunja kwa khoti? Nanga mlanduwo unayendetsedwa mwachilungamo, mbali zonse zinamvedwa, popanda chinyengo? Funso loti oweruzawo analondola kapena analakwitsa pa chigamulo chawo si la khoti, ngakhale kuti ndilo limene limamuwawa kwambiri munthu amene waluza.

Pali mfundo imene okonda arbitration amaiiwala msanga, yakuti oweruza apadera alibe mphamvu zawozawo. Sangamange munthu, sangatumize aliyense kukalanda katundu, sangatseke akaunti ya kubanki, ndipo sangakakamize mboni imene si mbali ya panganolo kuti ibwere idzalankhule. Chigamulo chawo ndi pepala chabe kufikira tsiku limene khoti la dziko linalake lidzachilandire n'kuchita nacho monga limachitira ndi zigamulo zake. N'zoona kuti oluza ambiri amalipira popanda kukokeredwa ku khoti, koma amatero chifukwa akudziwa chimene chingawachitikire akakana. Amene akubwereka mphamvu za boma sangaletse boma kufunsa ngati mphamvuzo zikugwiritsidwa ntchito moyenera, ndipo apa ndi pamene ufulu wa khoti wolowerera umachokera.

Kale makhoti sankaikonda njirayi. Ku England, pa mlandu wa Kill ndi Hollister mu 1746, majaji ananena kuti anthu sangalande khoti mphamvu zake mwa kungogwirizana okha, ndipo kwa zaka zambiri munthu ankatha kunyalanyaza ndime ya arbitration n'kukasuma ku khoti. Zinthu zinayamba kusintha ndi mlandu wa Scott ndi Avery mu 1856, pamene khoti la House of Lords, limene panthawiyo linali khoti lalikulu koposa ku England, linavomereza kuti amalonda angagwirizane zoti pasapezeke wokasuma mpaka oweruza apadera atapereka chigamulo chawo. Pa mlandu womwewo jaji Lord Campbell ananena poyera kuti chidani cha majaji akale chinali ndi gwero lake m'ndalama, popeza malipiro awo ankadalira kwambiri kuchuluka kwa milandu yobwera m'makhoti awo. Ku America nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo la Federal Arbitration Act mu 1925 kuti ndime za arbitration zizilemekezedwa mofanana ndi mapangano ena onse.

Chimene chinasinthiratu zinthu ndi pangano la mayiko la ku New York la mu 1958, limene lero muli mayiko oposa 170. Panganoli limati munthu akabwera kudzasuma pa nkhani imene ili pansi pa ndime ya arbitration, ndipo mnzakeyo wapempha, khoti liyenera kuwabweza onse awiri kwa oweruza apadera, pokhapokha litapeza kuti ndimeyo ndi yosavomerezeka, inatha mphamvu, kapena siingatheke kuitsatira. Limatinso chigamulo choperekedwa m'dziko lina chiyenera kulandiridwa, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'gawo 5 la panganolo. Mu 1985 bungwe la United Nations loona za malamulo a malonda, UNCITRAL, linalemba lamulo lachitsanzo loti mayiko azitengerapo, ndipo linalikonzanso mu 2006. Gawo 5 la lamulo limenelo ndi chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti pa nkhani zimene lamuloli likukhudza, khoti lisalowerere kupatula pamene lamulolo lalola. Chiganizochi sichikuthamangitsa khoti ayi. Chikungoliuza kuti makomo ake olowera ndi owerengeka ndiponso odziwika kwa aliyense mlandu usanayambe.

Khomo loyamba ndi limene pamakhala phokoso lambiri. Taganizirani kampani imene yaona kuti kwa oweruza apadera zinthu siziiyendera bwino. Loya wake amapita ku khoti n'kunena kuti pangano lonse linapezedwa mwachinyengo, choncho ndi lopanda mphamvu, ndipo popeza ndime ya arbitration ili m'kati mwa pangano lomwelo, nayonso yagwera limodzi. Zikumveka zanzeru, koma zikanaloledwa, aliyense wofuna kuthawa oweruza apadera akanangodandaula za chinyengo n'kumasuka, chinyengocho chisanatsimikizidwe n'komwe. Makhoti anayankha kuti ndime ya arbitration ndi pangano loima palokha, ngakhale yalembedwa pa pepala limodzi ndi zina zonse. Khoti la Supreme la ku America linatero mu 1967 pa mlandu wa Prima Paint, ndipo la House of Lords linatsimikiza zomwezo mu 2007 pa mlandu wa Fiona Trust, wokhudza mapangano 8 obwereketsa sitima amene eni sitimazo ankati anasainidwa chifukwa cha ziphuphu. Jaji Lord Hoffmann anafotokoza pa mlanduwu kuti ndimeyo imagwa pokhapokha vutolo likukhudza iyoyo mwachindunji, monga pamene munthu akunena kuti siginecha yake anachita kumupekera ndipo iye sanasaine chilichonse. Ananenanso kuti amalonda oganiza bwino ayenera kutengedwa kuti ankafuna mikangano yawo yonse ikathere pamalo amodzi, pokhapokha atalemba mosabisa kuti nkhani inayake aichotsamo. Choncho nkhani ya ziphuphuyo inatumizidwa kwa oweruza apadera.

Pafupi ndi mfundo imeneyi pali ina, yakuti oweruza apadera amaloledwa kugamula okha ngati ali ndi mphamvu zomva mlanduwo. Mayiko ambiri amavomereza zimenezi, koma amasiyana pa nkhani yoti ayambe kulankhula ndani. Ku France, gawo 1448 la malamulo a kayendetsedwe ka milandu limauza jaji kuti achoke m'njira, pokhapokha oweruza apadera asanakhalepo ndipo ndimeyo ikuoneka poyera kuti ndi yopanda mphamvu kapena yosakhudza nkhaniyo. Lamulo lachitsanzo la UNCITRAL limalola oweruza kugamula nkhaniyi koyambirira, limapatsa wosakhutira masiku 30 okadandaula ku khoti, ndipo limalola kuti mlandu uzipitirira pamene khoti likuganizira. M'mayiko ena jaji amafufuza nkhaniyo mozama pachiyambi pomwe. Ine ndimakondera njira yoti oweruza apadera ayambe, chifukwa amene amapindula kwambiri ndi kufufuza kwa nthawi yaitali pachiyambi ndi munthu amene akudziwa kuti ali ndi ngongole ndipo akungofuna kukoka masiku. Koma kuyamba kulankhula sikutanthauza kuti mawu omaliza ndi awo. Munthu amene sanavomereze arbitration sangamangidwe ndi chigamulo cha anthu amene iye sanawapatse mphamvu, ngakhale anthuwo atanenetsa kuti mphamvuzo ali nazo.

Mlandu wa Dallah ndi boma la Pakistan ukusonyeza bwino zimenezi. Mu 1996 kampani ya Dallah ya ku Saudi Arabia inasaina pangano lomanga nyumba ku Mecca zogonamo anthu a ku Pakistan opita ku Hajj. Amene anasaina kumbali inayo silinali boma lenilenilo, koma bungwe lotchedwa Awami Hajj Trust limene boma linakhazikitsa, ndipo patangopita miyezi yochepa bungwelo linatha. Dallah inasumira boma la Pakistan kwa oweruza apadera a ICC, bungwe la amalonda a mayiko osiyanasiyana limene limayendetsa milandu ya arbitration, ku Paris. Oweruzawo anagamula kuti boma, ngakhale silinasaine, linali mbali ya panganolo chifukwa cha momwe linachitira pa nkhani yonseyo, ndipo analilamula kulipira madola opitirira pang'ono 20 miliyoni. Dallah itapita ku England kuti chigamulocho chikatsatidwe kumeneko, khoti la Supreme linakana mu November 2010. Linati zimene oweruza apadera ananena zokhudza mphamvu zawo sizimanga khoti, linaunikanso umboni wonse potsatira malamulo a France, ndipo linapeza kuti panalibe cholinga chogwirizana choti boma likhale mbali ya panganolo. Patangopita miyezi itatu, mu February 2011, khoti la apilo la ku Paris, pogwiritsa ntchito malamulo a France omwewo, linapeza zosiyana n'kukana kufafaniza chigamulocho.

Ena amatchula mlanduwu ponyoza makhoti, ndipo n'zoona kuti n'zomvetsa chisoni kuti chigamulo chimodzi chikhale chamoyo ku Paris koma chopanda ntchito ku London. Koma chimene ine ndimaona ndi chakuti makhoti awiriwo anasiyana pa momwe anamvera umboni, osati pa udindo wawo. Onse anaona kuti funso lakuti kodi boma linavomereza ndi lawo kuliunika mokwanira, ndipo palibe limene linangodinda chigamulocho chifukwa choti oweruza otchuka achisaina.

Pamene mlandu uli m'kati, ntchito ya khoti kwenikweni ndi yothandiza. Mbali imodzi ikakana kusankha woweruza wake pofuna kuti mlandu usayambe, khoti lingamusankhe m'malo mwake. Pakakhala mantha oti katundu abisidwa kapena ndalama zisamutsidwa oweruza asanakhale pansi, khoti lingapereke chiletso, ndipo lamulo lachitsanzo limanena momveka kuti kupempha chiletso chotere si kuphwanya ndime ya arbitration. Khoti limaitananso mboni zimene oweruza apadera sangazikakamize, ndipo lingachotse woweruza amene akukayikiridwa kuti ndi wokondera. Pa zimenezi palibe mkangano waukulu.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti khoti lake liti. Pangano limodzi lingakhudze wogulitsa wa dziko lina, wogula wa dziko lachiwiri, ntchito yochitikira m'dziko lachitatu ndi ndalama zosungidwa m'dziko lachinayi, ndipo makhoti a mayiko onsewa angapeze chifukwa chodzionera kuti nkhaniyo ikuwakhudza. Dongosolo limene mayiko ambiri anagwirizana ndi lakuti pali malo amodzi amene arbitration imakhazikitsidwa mwalamulo, amene maloya amawatcha seat, ndipo makhoti a kumeneko okha ndiwo amayang'anira mlanduwo ndi kufafaniza chigamulo ngati pali chifukwa. Malowa sasintha ngakhale oweruza atakumana mumzinda wina kapena pa intaneti. Makhoti a mayiko ena onse angathe kulandira kapena kukana chigamulocho m'dziko lawo lokha, koma sangachiphe. N'chifukwa chake dzina la mzinda lolembedwa m'ndime ija, limene ambiri amaliona ngati nkhani ya mayendedwe ndi malo ogona, ndilo limasankha majaji amene adzakhale ndi mawu omaliza.

Dziko la India linaphunzira zimenezi movutikira. Mu 2002, pa mlandu wa Bhatia International, khoti la Supreme la kumeneko linagamula kuti mbali ya lamulo lawo la arbitration la 1996 yopatsa makhoti mphamvu zoyang'anira ikukhudzanso milandu yokhazikitsidwa kunja kwa dzikolo, pokhapokha eni pangano ataichotsamo. Mu 2008, pa mlandu wa Venture Global, linapitiriza kunena kuti makhoti a India angafafanize chigamulo choperekedwa kunja. Cholinga chinali chothandiza anthu kupeza chilungamo, koma zotsatira zake zinali zakuti woluza aliyense anapeza malo achiwiri oyambiranso nkhondo. Kampani ya ku Australia ya White Industries inapambana mlandu wake wa arbitration ndi Coal India, kampani ya boma la India, mu 2002, koma patatha zaka 9 inali ikudikirabe makhoti, ndipo mu 2011 boma la India linapezeka lolakwa pa pangano lake loteteza amalonda a ku Australia chifukwa cha kuchedwa kumeneko. Mu 2012, pa mlandu wa BALCO, khoti la Supreme linabweza maganizo ake akale n'kuvomereza kuti mphamvu zoyang'anira zili kumene mlandu wakhazikitsidwa.

Nanga mbali imodzi ikanyalanyaza zonsezi n'kukasuma kwawo? Makhoti a ku England ali ndi chizolowezi chopereka chiletso choletsa munthuyo kupitiriza mlandu wa kunjako. Pa mlandu wa Enka ndi Chubb, moto unawononga malo opangira magetsi ku Russia mu 2016, ndipo kampani ya inshuwalansi italipira mwini malowo inakasumira kampani yomanga ya ku Turkey m'khoti la ku Moscow, ngakhale kuti pangano linati mikangano ikathere kwa oweruza apadera ku London. Mu October 2020 khoti la Supreme la ku Britain linavomereza chiletsocho. Majaji amati chiletso chotere chimalunjika kwa munthu wophwanya pangano osati kwa khoti la dziko lina, koma jaji wa dziko linalo sangalephere kuona kuti akumulanda mlandu, ndipo khoti la European Union linakana ziletso zotere pakati pa mayiko ake mu 2009 pa mlandu wa West Tankers. Ine ndimazivomereza, koma mosamala kwambiri, ndipo pokhapokha ndime ya arbitration ili yosakayikitsa.

Chigamulo chikaperekedwa, woluza amakhala ndi nthawi yochepa yokadandaula: miyezi 3 pansi pa lamulo lachitsanzo, ndi masiku 28 okha pansi pa lamulo la England la 1996. Zifukwa zake ndi zowerengeka. Mwina panalibe mgwirizano wovomerezeka wa arbitration, mwina mbali imodzi sinadziwitsidwe kapena sinapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake, mwina oweruza anagamula nkhani imene sanapatsidwe, kapena anasankhidwa mosatsata pangano, mwina nkhaniyo ndi ya mtundu umene malamulo salola kuti uweruzidwe kunja kwa khoti, kapena chigamulocho chikutsutsana ndi mfundo zikuluzikulu za chilungamo za dzikolo. Kulakwitsa sikuli pa mndandandawu, ndipo apa ndi pamene mfundo yanga imapweteka.

Tiyerekeze kuti oweruza apadera amva molakwika ndime ina ya pangano n'kulamula kampani kulipira ndalama imene jaji aliyense akanati siyenera kulipidwa. Mbali zonse zinamvedwa, panalibe chinyengo, oweruza anachita moona mtima, kungoti analakwitsa. M'mayiko ambiri kampani imeneyo ilibe kolowera. Khoti la House of Lords linatero mu 2005 pa mlandu wa Lesotho Highlands Development Authority ndi Impregilo, wochokera pa ntchito yomanga damu la Katse, kuti kulakwitsa pa malamulo si kupitirira mphamvu. Ku America, pa mlandu wa Hall Street ndi Mattel mu 2008, khoti la Supreme linati ngakhale eni pangano sangawonjezere okha zifukwa zimene Federal Arbitration Act inapatsa khoti zofafanizira chigamulo. Ku England kuli kampata kakang'ono m'gawo 69 la lamulo la 1996 lija, kololeza apilo pa funso la malamulo a England, koma pamafunika chilolezo cha khoti chimene sichiperekedwa wamba, ndipo amene asankha malamulo a mabungwe oyendetsa arbitration monga ICC kapena LCIA ya ku London amakhala atautaya kale ufulu umenewo.

Sindikuchepetsa ululu wa munthu amene wataya chuma chifukwa cha kulakwitsa kwa ena. Koma tiyenera kufunsa chimene mbali ziwirizi zinagula pamene zinasaina. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma wamalonda amafuna mlandu umene umatha, kuti adziwe pamene waima n'kupitiriza ntchito. Khoti likaloledwa kukonza zolakwa za oweruza apadera, ndiye kuti woluza aliyense adzapeza cholakwa choti atchule, arbitration idzangokhala gawo loyamba la mlandu wautali, ndipo mawu omaliza adzabwerera kwa majaji omwe aja amene mbali ziwirizo zinagwirizana kuwapewa. Mpata umene kulowerera kotere kumadutsira kawirikawiri ndi uja wa mfundo zikuluzikulu za chilungamo. Mu 2003, pa mlandu wa ONGC ndi Saw Pipes, khoti la Supreme la ku India linaukulitsa mpatawo kuti uphatikize zigamulo zosemphana poyera ndi malamulo, ndipo madandaulo anachuluka mpaka nyumba ya malamulo inachita kuuchepetsanso mu 2015.

Pali vuto linanso limene ndingolitchula mwachidule. Pangano la ku New York limalola khoti kukana chigamulo chimene chinafafanizidwa kumene mlandu unakhazikitsidwa, koma silikakamiza kutero. Makhoti a ku France analandira zigamulo zotere pa mlandu wa Hilmarton mu 1994 ndi wa Putrabali mu 2007, ndipo khoti lina la ku Washington linachita chimodzimodzi mu 1996 pa mlandu wa Chromalloy, pa chigamulo chimene makhoti a ku Egypt anachifafaniza. Ine ndimaona kuti amene anasankha mzinda anasankhanso majaji ake, choncho mawu a majajiwo azilemekezedwa, kupatula pamene zikuoneka poyera kuti iwo eniake anakondera.

Wina angaganize kuti njira yachidule ndi kungochotseratu makhoti. Dziko la Belgium linayesa zimenezi mu 1985, pokhazikitsa lamulo lakuti ngati mbali zonse ndi zakunja, makhoti ake sadzamva dandaulo lililonse lofuna kufafaniza chigamulo. Linkayembekeza kuti amalonda adzakhamukira kumeneko, koma sanatero, ndipo mu 1998 lamulolo linasinthidwa kuti kutaya ufulu umenewo kuzichitika pokhapokha eni pangano atafuna okha. Zikuoneka kuti pa tsiku losaina palibe amene amadziwa ngati adzakhale wopambana kapena woluza, ndipo munthu wanzeru safuna kudzitsekera khomo lothawira ngati angadzakumane ndi woweruza wolandira ziphuphu.

Mlandu umene umandichititsa kuumirira pa mfundo imeneyi ndi wa boma la Nigeria ndi kampani ya Process and Industrial Developments, yolembetsedwa ku British Virgin Islands. Mu 2010 kampaniyo inasaina pangano la zaka 20 lakuti boma lizipereka gasi ndipo iyo imange fakitale yoyeretsera gasiyo ku Calabar. Boma silinapereke gasi, fakitale sinamangidwe, ndipo kampaniyo inasumira boma kwa oweruza apadera ku London. Mu January 2017 oweruzawo, motsogozedwa ndi Lord Hoffmann yemwe uja wa mlandu wa Fiona Trust, analamula Nigeria kulipira madola 6.6 biliyoni, monga phindu limene kampaniyo ikanapeza pa zaka zonsezo, komanso pamwamba pake chiwongoladzanja cha 7 peresenti pachaka. Pofika mu 2023 ndalamayo inali itafika pafupifupi madola 11 biliyoni. Masiku 28 aja anali atadutsa kalekale pamene Nigeria inabwera ndi dandaulo la chinyengo chakumapeto kwa 2019, koma mu September 2020 khoti lalikulu la ku London linalola kuti dandaulolo limvedwe, poona kuti panali umboni wamphamvu wa chinyengo chimene chinabisidwa.

Pa 23 October 2023 jaji Robin Knowles anagamula kuti zigamulo za oweruza apadera aja zinapezedwa mwachinyengo. Anapeza kuti kampaniyo inapereka ziphuphu kwa mkulu wina wa zamalamulo mu unduna woona za mafuta pa nthawi yopanga pangano, inapitiriza kumulipira pamene arbitration inali m'kati kuti asaulule, inapereka kwa oweruza umboni wabodza wobisa zimenezi, ndipo inali ndi zikalata zachinsinsi za maloya a boma la Nigeria, moti inkadziwa zimene mdani wake akuganiza ndi zimene sakuzidziwa. Chofunika kuchiona apa ndi chakuti jajiyo sanafafanize zigamulozo chifukwa choti ndalamayo inali yochuluka, kapena chifukwa choti iye akanawerengera mosiyana. Anazifafaniza pansi pa gawo 68 la lamulo la England la 1996, lokhudza kusokonekera kwakukulu kwa kayendetsedwe ka mlandu, chifukwa oweruzawo ananamizidwa. Oweruzawo anali akatswiri odziwika ndipo palibe amene anawanena kuti analandira kanthu, koma anagamula pa zimene anauzidwa, m'chipinda chotseka, mbali imodzi ikubisa choonadi ndipo inayo ikudziteteza mofooka. Zambiri mwa zimene zinaulula chinyengocho zinatuluka chifukwa makhoti analamula kuti zikalata ndi mabuku a kubanki ziperekedwe, zinthu zimene oweruza apadera sakanatha kuzifikira mwa iwo okha.

Jaji Knowles analemba kuti akuyembekeza kuti mlanduwu uchititsa onse okhudzidwa ndi arbitration kudzifunsa mafunso, makamaka pa milandu ya ndalama zambiri yokhudza maboma. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chakuti Nigeria inatha kulemba maloya okwera mtengo, kutsata zikalata m'mayiko angapo ndi kupirira zaka zinayi za mlandu ku London chifukwa ndi boma, ndipo ndalama imene inali pachiswe inali yokwanira kulipirira khama lonselo. Kampani yaing'ono imene yanamizidwa mofananamo pa pangano la ndalama zochepa ili ndi ufulu womwewo pansi pa gawo 68, koma ili ndi masiku 28, ilibe njira yophweka yodziwira kuti inanamizidwa, ndipo kawirikawiri mlandu woyamba umakhala utaidyera kale ndalama zimene ikanagwiritsa ntchito pofufuza.